Mfuti ya Amalume

Amalume anga, a Nkhoma, ndiwo anandiphunzitsa kuwombera chandamale ndi mfuti ya mpweya ku kalabu ina ya m'tauni ya Croydon. Tsiku la mpikisano wa achikulire anandipatsira mfuti yawo, nati, "Mphwanga, zipolopolo zikukhotera kumanzere. Tandikonzera galasi loonera chandamaleli, zala zanga zauma ndi kuzizira."

Ndinapotokola kachitsulo kake modzikhulupirira ngati katswiri, koma ndinapotokolera kolakwika. Ndinazindikira kulakwitsako iwo atayamba kale kuwombera. Zipolopolo zonse zinkathera m'mphepete mwa pepala. Ine ndinawerama kumbuyo kwawo, ndikunamizira kumanga zingwe za nsapato.

Pobwerera, tili m'thiramu, sitima yoyenda m'misewu ya m'tauni, anavula magalasi awo n'kuwayang'anitsitsa kwa nthawi yaitali.

"Maso atha, mphwanga," anatero motsitsa mawu.

"Mwina magetsi a m'holomo anali ochepa mphamvu, amalume," ndinayankha, nkhope ndili nayo pawindo.

Ku kalabu sanapondekonso. Patapita masiku anandiitana kunyumba kwawo, nanditulutsira mfutiyo itapukutidwa bwino, ili m'chikwama chake.

"Tenga. Iwe ndiye ukuona bwino."

Ndinalandira ndi manja awiri, mpaka ndinathokoza.