Mpiru wa amayi wapsa m'kanyumba ka plastiko

Mwaswera bwanji nonse? Kuno ku Mualadzi zinthu sizinayende bwino lero.

Mukukumbuka kanyumba ka plastiko kofeseramo mbewu, kaja anatumiza achimwene a Zakeyu? Atate anafesamo mpiru, ndipo unamera mochititsa kaso.

M'mawa popita kutchalitchi anakatseka konsekonse, n'kutsamiza miyala m'mbali poopa nkhuku. Dzuwa la masiku ano mukulidziwa. Pobwera tapeza mbande zagona ngati zafutsidwa.

Chikundiwawa n'chakuti mpiruwo ndi wa malemu amayi, uja anabwera nawo kuchokera ku Zambia nkhondo itatha, atamanga pansonga ya kapulana, chitenje chawo chija. Chaka chilichonse atate amasungako njere, koma ulendo uno anafesa zonse pokhulupirira kanyumbako.

Zapulumuka mbande zisanu zokha, pakona pamene plastiko inang'ambika. Dzulo lomweli atate amandikalipira kuti sindinasokepo! Panopa kanyumbako akanyamulira pansi pa mtengo wa mango, akhala pambali pake, akukana kudya.

Achimwene, musadandaule, kanyumba kalibe mlandu. Koma abale, palibe amene amayi anamugawirako mbewu imeneyi? Tafunsani azakhali ku Cassacatiza. Zitapezeka njere ngakhale zongodzaza kachivindikiro ka botolo, atate adya lero.