Dzina Pansi pa Ndowa

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, ndili giledi 5 ku Ndake, kufupi ndi Nyimba ku Zambia, pamene ndinawabera bambo anga dzina lawo. Ndinaba ndi pensulo, m'Chizungu cholondola bwino lomwe.

Bambo anga, a Zuze Domingo, anali mmisiri wa malata. Anachokera ku Mozambiki nthawi ya nkhondo, ine ndili kumsana kwa amayi. Nkhondo itatha anzathu ambiri anakwera malole n'kubwerera kwawo, koma bambo anakana. Anapempha malo ku Ndake, nalima chimanga ndi thonje pang'ono, ndipo akaweruka kumunda ankakhala pansi pa mango, chidutswa cha njanji chili pakati pa miyendo, n'kumakhoma ndowa, mbaula ndi makoloboyi. Mphepo ikaloza kusukulu, nyundo yawo inkamveka mpaka m'kalasi.

Zinali zaka zimene zipani zinachuluka, katundu wakunja n'kuyamba kulowa mopanda woletsa. Pamsika wa Nyimba panadzaza salaula, zovala za kaunjika zija, ndi ndowa za pulasitiki, zofiira, zopepuka, zotchipa. Ndowa za bambo zinayamba kubwerera kunyumba panjinga momwe zapitira. Panalinso vuto lina. Mzimayi ankanyamula ndowa, kuigogoda ndi chala, kenako n'kuibweza pansi.

"Ndowa ni yabwino," ankatero, "koma imwe a ku Mozambiki mawa muzapita kwanu. Ikayamba kudontha tizakupezani kuti?"

Mphunzitsi wathu wa Chizungu anali mayi Daka, munthu wamfupi, wosakonda kubwereza mawu. Tsiku lina anatiuza kuti aliyense abwere ndi chinthu cha kunyumba. Pabolodi analemba mizere inayi: made of, made from, made in, made by. Anafotokoza kuti woyambawo ndi wa chinthu chimene chopangira chake chikuonekabe, monga mpando wa matabwa. Wachiwiri ndi wa chimene chasinthiratu, monga mafuta ochokera ku mtedza. Wachitatu umatchula malo, wachinayi umatchula munthu.

Ine ndinabweretsa koloboyi. Ndinaimirira n'kunena kuti ndi made of tin, aphunzitsi anagwedeza mutu. Kenako ndinati made by Zuze Domingo. Mnyamata wina wa kumbuyo, Mabvuto, anakuwa kuti, "Zuze wothawa!" Kalasi lonse linafa ndi chiseko. Mayi Daka anamupatsa zikoti ziwiri, koma chikoti sichibweza mawu m'kamwa. Kuyambira tsikulo, kuchitsime ndi pa mpira, ine ndinali mwana wa Zuze wothawa. Dzinalo ndinalida, ndipo sindibisa.

Patapita milungu ingapo, mayi wina woyandikana nafe anabwera ndi ndowa ya pulasitiki yong'ambika kuti bambo aimate. Bambo anaitembenuza, naona zilembo pansi pake, n'kundiitana.

"Lozina, apa alemba kuti chiyani?"

Ndinawauza kuti atchula dziko limene ndowayo inapangidwira.

"Nanga amene anaipanga?"

"Sanamulembe, atate."

"Ndiye chifukwa chake palibe womudandaulila," anatero. Anasisita chibwano. "Tenga pepala. Unilembele mu Chizungu kuti yapangidwa na Zuze Domingo. Anthu adziwe kuti nili pano."

Mawu oyenera ndinkawadziwa, ndinali nditawanena kale pamaso pa kalasi lonse. Koma m'maganizo ndinaona ndowa zija zili pamzere kuchitsime, Mabvuto akuzitembenuza imodzi imodzi. Ndinalemba ndi zilembo zikuluzikulu: MADE IN ZAMBIA. Ndinadziuza kuti silinali bodza.

Bambo sankadziwa kuwerenga. Chilembo chimodzi chokha ndicho ankachizindikira, Z, chifukwa chinali kumayambiriro kwa dzina lawo pa khadi lolandirira chakudya kumsasa wa othawa. Anayendetsa chala papepala, nachipeza, n'kumwetulira. Anaika pepalalo pansi pa ndowa, natenga msomali ndi kanyundo, n'kuyamba kudinda timadontho motsatira zilembo, mosamala kuti lata lisabooke. Ndowa yoyambayo inawatengera masana onse.

Kuyambira pamenepo wogula aliyense ankamutembenuzira ndowa. "Onani, dzina langa ili apa. Ikadontha bwelani nayo ku Ndake." Ogula ambiri anali azimayi a kumidzi amene Chizungu chinawapita patali, ndipo amene ankachidziwa mwina ankangoti mkuluyu akuseka. Ndowa zinayamba kuyenda pang'ono. Ine chikumbumtima sichinandivute n'komwe, ndinkangodziona wochenjera.

Loweruka lina, thonje litatha kugulidwa, ndinawaperekeza kumsika wa Nyimba. Tinayala ndowa pafupi ndi ogulitsa nthochi. Dzuwa lili pamutu, ndinangoona mayi Daka ataima patsogolo pathu ndi dengu la tomato. Bambo anavula chipewa.

"Aphunzitsi, ndimwe muyenela kuona izi. Welengani dzina langa. Analemba ni mwana wanu uyu."

Mayi Daka anayang'ana pansi pa ndowa, kenako anandiyang'ana ine. Sanakweze mawu.

"Lozina, awelengele atate ako. Uwamasulilenso."

Ndinawerenga, n'kumasulira ndikuyang'ana fumbi.

"Nanga dzina?" anafunsa bambo.

"Palibe, atate."

Mayi Daka anagula ndowayo n'kutsazika mwaulemu. Bambo anavalanso chipewa. Ogula ena awiri anabwera masana amenewo, koma bambo sanatembenuzenso ndowa.

Pobwerera sanakwere njinga, anangoikankha, ndowa zotsala zikulira kumbuyo. Ndinkayembekezera mbama, ndipo kunena zoona ndinkaifuna kuti nkhani ithe. Titayandikira mudzi ndi pamene anayankhula, maso ali kutsogolo.

"Kuja ninasiya nyumba, mbuzi na manda a amai anga. Chimene ninaoloka nacho malile ni iwe, amai ako na dzina. Lelo wanisandutsa wabodza pamaso pa anthu amene nifuna anikhulupilile."

Ndinalira mpaka kunyumba, iwo osanditonthoza.

M'mawa mwake, titachoka kutchalitchi, anandipatsanso pepala. Ndinalemba MADE BY ZUZE DOMINGO, NDAKE, ndipo anapita nalo kwa mkulu wa mpingo kuti awawerengere asanaligwiritse ntchito. Kupita kwa mkulu wa mpingoko kunandipweteka kuposa chikoti chilichonse. Ndinafunsa ngati tifafanize mawu akale aja, iwo anati, "Asiye. Ni zoona izo. Tiwonjezela pansi pake."

Chilango changa chinali kuyenda. Tchuthi chonse cha mwezi umenewo tinazungulira midzi kufunafuna ndowa zimene anagulitsa, iwo atamanga chidutswa cha njanji panjinga, ine nditanyamula nyundo ndi msomali. Pakhomo lililonse woodira ndinali ine, ndipo ndinkayenera kunena ndekha kuti, "Tabwela kulemba dzina la atate pa ndowa yanu. Ine ninalisiya dala." Ena ankaseka, ena ankatipatsa mpando ndi madzi akumwa. Tinafikanso kwa Mabvuto. Mayi ake anakhuthulira madzi a m'ndowa mumphika, napereka ndowa, ndipo Mabvuto anakhala pakhonde akuonerera bambo akudinda dzina lonse mpaka chilembo chomaliza. Ndowa zina sitinazipeze, zinapita ndi anthu a pamsewu.

Nthawi imeneyo ndinkaganiza kuti bambo ankangofuna kutchuka. Ndinadzamvetsa nditakula. Munthu wolemba dzina lake ndi mudzi wake pansi pa ndowa akulonjeza kuti sadzathawanso, ndipo amene ali naye mlandu adzamupeza pakhomo. Ine ndinkayesa kuti tidzakhala anthu a kuno tikabisa dzinalo, chikhalirecho bambo ankalikhomera pa malata kuti tikhazikike. Pomwe ankakalamba, mawu oti wothawa anali ataiwalika. Anthu ankangoti, "Pita nayo kwa aDomingo."

Anamwalira ku Ndake komweko. Achibale ankafuna kulemba pamtanda ndi penti, koma ndinakana, chifukwa penti imafufutika ndi mvula ziwiri. Ndinadula lata, ndinakhala pansi pa mango ndi chidutswa cha njanji pakati pa miyendo, ndipo ndinadinda dzina lawo lonse ndi msomali womwe uja. Zinanditengera masana onse.