Injini ya Malemu Amuna Anga Sichoka pa Kachulu

Usiku wathawu ndinalota zinthu zoti mpaka pano tiyi wandikanika kumwa. Koma ndiyambe ndakuuzani pomwe ndaima, poti ena simundidziwa. Ndine mayi a Tadala a pa Kachulu, kunyanja ya Chilwa kuno. Amuna anga anamwalira mvula itangoyamba, n'kundisiyira ana atatu, boti limodzi, ndi injini yakalekale imene ine ndinkaitcha mkazi wamkulu chifukwa ankaisisita kuposa ine. Botilo limaolotsa anthu ndi katundu kupita ku chilumba cha Chisi, ndipo ndi limene limatidyetsa. Chimwalirire iwo, injiniyo ikudwala. Padoko imalira bwinobwino, tikayenda pang'ono imayamba kutsokomola, kenako zii pakati pa madzi. Ndiye alamu anga a Bonifasi, akulu awo a malemu, agamula kuti Loweruka likubwerali ikakanika kufika ku Chisi n'kubwerako, aimasula apite nayo kwawo. Akuti yatsatira mwini wake, komanso mkazi sangaithe.

M'malotomo linali Lowerukalo. Dzuwa linali litakwera kale, padoko anthu ali thothotho, koma onse atakhala pa mabenchi a kutchalitchi amene anawandandalika m'madzi. Madzi akuwafika m'mawondo, iwo osadandaula. A Bonifasi anavala suti yawo ya kumaliro ija, m'manja atanyamula sipanala yaikulu ngati munsi. Ine ndinamanga chitenje m'chiuno, n'kukwera m'boti ndekha.

Ndinafinya kampira ka papayipi ya petulo mpaka kanalimba, monga ankachitira malemu. Ndiye ndinakoka chingwe choliza injini, koma chingwecho chinangobwera osatha. Ndikukoka, chikubwera, ndikukoka, chikubwerabe, mpaka chinafika kumtunda, azimayi anzanga n'kuyamba kuyanikapo zovala. Ndinawakalipira kuti achotse makabudula a amuna awo pa chingwe changa, iwo n'kuchotsadi mwaulemu. Kenako injini inalira yokha popanda woikoka, boti n'kunyamuka.

Sitinapite patali. Titangodutsa mabango oyamba, mkazi wamkulu anayamba chifuwa chake chija, kho kho kho, boti likunjenjemera lonse, kenako zii. Kumabenchi kunamveka kuombera m'manja. Ine ndinati muombe mpaka zikhatho zitupe, ine sindinathe. Ndinavundukula chivindikiro cha injini n'kumasula pulagi. Inali bii ndi mwaye. Ndinaipala ndi kampeni, n'kuipukuta ndi nsonga ya chitenje, ndipo poyang'anitsitsa ndinaona kuti ndi dzino la munthu, lachibwano. Sindinadabwe. Ndinalitsuka m'madzi n'kulibwezera pamalo pake, linalowa bwinobwino.

Ndiye ndinatsegula kabuleta. M'kambale kake ka pansi munali matemba amoyo akusambira, asanu ndi awiri, ndinawawerenga. Ndinawataya m'nyanja, ndinauzira timabowo tonse ndi pakamwa mpaka milomo kuwawa petulo, n'kumanganso. Ndinaonanso ngati oyilo ndinathira wokwanira m'petulomo, poti malemu ankayezera kabotolo ka mankhwala a chifuwa ndipo ine ndimayezera komweko. Zonse zinali bwino. Ndinakoka chingwe, inalira, tinayenda pang'ono, kho kho kho, zii.

Kenako ndinaona kuti madzi kulibe. Nyanja yonse yaphwa monga imachitira zaka zoipa, kwatsala matope ong'aluka, koma boti likukwawabe pang'onopang'ono pamatopepo. A Bonifasi anali akuyenda wapansi pambali panga, nsapato zawo zili mbee, ndipo ankalipitirira botilo n'kumaima kundidikira.

"Alamu, mwayesetsa, tonse taona," anatero. "Tsikani tsopano, izi ndi za amuna."

"Alamu, pamene m'bale wanu ankadwala, amene ankainyamula injiniyi paphewa kutsikira nayo padoko anali ndani? Sinditsika."

A Bonifasi anangoyamba kupukuta sipanala yawo ndi mpango wa m'thumba.

Nditatembenuka ndinapeza amuna anga atakhala pathanki ya petulo, miyendo atapingasa, atavala jekete lawo lachikasu la mvula. Sindinachite mantha ngakhale pang'ono, ndinapsa mtima basi. Ndinawafunsa kuti bambo a Tadala, mwakhala phee pamenepo mukuonerera akulu anu akundilanda chakudya cha ana anu? Ndinawauza kuti miyezi yonseyi ndapala pulagi mpaka yatsala pang'ono kutha, kabuleta ndatsuka kangapo, amakaniko awiri andidyera nkhuku, inu muli kuti? Ndipamene ndinaona kuti pakamwa ndi pamphuno pawo pakulungidwa jumbo yakuda, yomangidwa ndi mphira za chubu cha njinga, mfundo zitatu. Masaya awo anali atalowa m'kati, maso ali tong'o, chala chikuloza pajumbopo.

Mfundozo ndinazizindikira. Zinali zanga, mmene ndimamangira matumba a ufa kuti asanyowe. Ndinayesa kumasula ndi zala, zinakana. Ndinaluma ndi mano mpaka mphira inaduka. Amuna anga anakoka mpweya wautali, umene unalira ngati mluzu, mpaka mabango onse anawerama kuloza kwa ife. Atatha anandiyang'ana monga ankandiyang'anira ndikathira mchere wambiri m'ndiwo.

"Mayi a Tadala, munthu n'kumeza bwanji mutamutseka mphuno?"

Anangonena zomwezo. Pompo madzi anabwerera onse nthawi imodzi, injini inabangula mmene inkachitira tili achinyamata, boti linadzutsa mutu n'kuthamanga. Ku Chisi tinafika, ndinagunda mwala wa padoko ndi dzanja kuti onse aone, n'kukhotetsa. Pathanki panalibenso munthu, panangotsala jekete lachikasu litapindidwa bwino. Ndinalira, osabisa, koma chiwongolero sindinachisiye.

Kenako ndinamva gwede gwede kumbuyo. A Bonifasi anali atakangamira kumchira kwa boti, miyendo ikuuluka m'mwamba, suti yonse ili nyowe, koma dzanja limodzi likumasula zomangira injini ndi sipanala ija. Chomangira chimodzi chinali chitamasuka kale, injini ikupendekeka. Ndinawachenjeza kamodzi, osamva. Ndinawachenjeza kachiwiri, osamva. Ndiye ndinatola nkhafi, n'kuikweza ndi manja awiri, n'kuitsitsa pa zala zawo ndi mphamvu zanga zonse.

Ndinadzidzimuka nditamenya khoma ndi chibakera. Dzanja latupa, ndikulemba ndi lamanzere.

Kutangoyera ndinathamangira m'kachipinda mosungira zipangizo za boti. Thanki ili pakona, m'mbali mwake mutaphwanyikira m'kati, ndipo pa chitsekerero pake pali jumbo yakuda yomangidwa ndi mphira za chubu, mfundo zitatu. Ndinamanga ndine sabata imene tinaika maliro. Mvula inali itayamba, ndipo malemu ankakonda kunena kuti madzi akalowa m'petulo injini yatha. Iwo sankamangapo kanthu, ine n'kumati kunali kusasamala kwa amuna. Ndadula mphirazo m'mawa uno, ndipo pakati pa chitsekererocho ndapeza kabowo kakang'ono kamene sindinakaonepo chikhalire. Kuyambira tsiku lomwe ndinamangalo mpamene chifuwa chija chinayamba, ndawerengetsa bwinobwino. Pamadzi sindinaiyese, petulo ndikapeza mawa.

Ndiye abale anga, ndimasulireni. Amene mumadziwa za mainjini, ndiuzeni ngati thanki imafunadi kupuma, kapena ndangolota chifukwa chowasowa amuna anga. Amene mumadziwa za maloto, dzino lija ndi matemba asanu ndi awiri aja akutanthauzanji? Koma amene mukufuna kundiuza kuti malemu abwera kudzaitanitsa injini yawo, sungani mawu anuwo, ndawamva kale kwa a Bonifasi. Munthu wodzatenga katundu wake sakuonetsa pomwe pavuta.

Ndipo za nkhafi zija mundimasulire msanga lisanafike Loweruka, chifukwa kaya malotowo ndi oona kaya ndi abodza, nkhafiyo ikhala m'boti pafupi ndi dzanja langa.