Tinayankha Mapepala Pamodzi

Izi sindinachite kumva kwa munthu ayi, zinandichitikira ine ndemwe, ndipo amayi amene tinali nawo akadalipo. Bambo a kunyumba atamwalira, ndinatsala ndi mwana wanga wamkazi, ndikugwira ntchito ya m'nyumba ku Laudium, ku Joni kuno. Kutchalitchi kwathu kunkabwera mtsikana wina wa kumudzi, wophunzira za maganizo a anthu kuyunivesite. Tsiku lina anatipatsa ife amasiye mapepala a mafunso, oti kodi mumagona bwino, mumadya, mumalira kangati, nati adzawatenga Lamulungu lotsatira.

Ine Chingerezi cha papepala sindichitha, anzanga ambirinso chimodzimodzi. Choncho tinasonkhana ku Eersterust, mmodzi wodziwa kuwerenga akutiwerengera, ndipo oyamba kuyankha anali amayi aakulu omwe anali ataika amuna awo mwezi womwewo. Tsono iwo akati sagona, iwe n'kunena kuti umagona mpaka kuliza mkonono, anthu aganiza chiyani za imfa ya mwamuna wako? Tonse tinkangoti ifenso choncho.

Patapita milungu, mtsikana uja anandipeza kuntchito nkhope itagwa, akuti kompyuta yawerengera ndipo yaonetsa kuti tonse tikudwala maganizo kwambiri, tikaonane ndi madokotala. Ndinaona ndithu akunditsekera kuchipatala cha amisala, mwana wanga n'kutsala yekha ku Joni kuno, nanga akanamusunga ndani? Masiku amenewo ndiye ndinalekadi kudya, ndikamva galimoto pageti ndinkathawira kuseri.

Anatipulumutsa ndi aphunzitsi a mtsikana uja. Akuti atayala mapepalawo patebulo anadabwa kuti akufanana ngati a munthu mmodzi, n'kufunsa kuti tinayankhira kuti. Mtsikanayo anabwera kudzapepesa, amayi pepani amayi pepani, n'kundifotokozera kuti masamu akewo amagwira pokhapokha aliyense atayankha payekha, koma kwa ife kompyuta inangowerenga chisoni cha munthu mmodzi kambirimbiri. Tinayankhanso, aliyense m'chipinda yekha, iye akufunsa m'Chichewa. Ine ndinapezeka wachisoni basi, monga wamasiye aliyense. Amayi aakulu aja ndi amene ankafunikadi thandizo, ndipo analipeza.

Lero ndimakhulupirira kuti makina aja sananame, tinawanamiza ndife chifukwa cha ulemu. Akakupatsani pepala lofunsa za mumtima mwanu, musasuzumire la mnzanu. Inunso ophunzira, muzifunsa kaye mmene anthu anayankhira musanaopseze munthu wolira kale.