Matenda a Lusiya Ankabwera Masana

Ntchito yanga yoyamba ndinaimva kwa wakabaza. Ndinali nditangomaliza maphunziro a zachipatala, ndikungokhala kwa azakhali ku Ngabu, wakabazayo nkundiuza tili m'njira kuti pa chipatala china chaching'ono akusowa wothandiza dokotala. Ndinapitako, ndipo ndinapeza dokotalayo, a Alufandika, bambo wamfupi wolankhula ngati akukalipa ngakhale pamene akukupatsa moni. Anandipatsa tochi, makina oyezera BP ndi mpando wothyoka mwendo, ntchito nkuyamba.

Kwathu kuchigwa munthu amachita zonse m'mamawa dzuwa lisanakwiye. Kulima m'mamawa, ulendo m'mamawa, kuchipatala m'mamawa. Ifenso tinkafuna mzere uthe masana asanafike. Lusiya, mayi wachitsikana wokwatiwa m'banja lachisena, ankabwera nthawi yomweyo. Ankati amafooka, koma malungo sankapezeka, magazi anali okwanira, ndipo ankayenda bwinobwino.

Tsiku lina la mu Okutobala anabwera ndi apongozi ake aakazi, a Nyamphinga, iye atabereka mwana kumsana. Iwo sanazungulire.

“Adokotala, nenani pano kuti munthuyu sadwala. M'mawa ali bwino, ikangofika nthawi yosinja akuti manja afa. Tikum'bweza kwao ku Makhuwira.”

Lusiya anangoyang'ana pansi. Ndinamumvera chisoni, koma zoyeza zanga zonse zinali kumbali ya apongoziwo. Ndinakaitana a Alufandika.

Iwo anamufunsa funso limodzi: “Kodi kumavuta nthawi yanji?” Atamva kuti masana ndi madzulo, anati, “Khalani pa benchipo. Ndikuonani dzuwa likapendeka.”

“Nkhabe!” anakana a Nyamphinga m'Chisena. “Kumunda kukudikira.” Komabe anakhala, uku akung'ung'udza kuti aliyense amve.

Masana kunatentha mpaka malata kulira. Titamuitananso Lusiya, ndinachita mantha. Chikope chakumanja chinali chitagwa, ndipo mawu ankatulukira m'mphuno. A Alufandika anakweza chala m'mwamba namuuza kuti achiyang'anitsitse osaphethira. Tikuona, chikope chinacho chinayambanso kutsika. Anamupatsa madzi kuti amwe, ndipo anatsamwa nawo.

Pankafunika ayezi, koma magetsi anali atazima, ndipo a Alufandika sakanalola munthu kutsekula filiji ya katemera. “Thamanga kumsika ukagule mafirizi, ouma gwa.” Ndinabwera nawo ofiira, akudontha m'manja. Anakulunga imodzi m'kansalu naipereka kwa apongozi.

“Mugwire ndinu, amayi. Pachikope apa, mphindi ziwiri.”

A Nyamphinga anagwira monyinyirika. Atachotsa, diso linatseguka lonse, Lusiya nkuwayang'ana. Posakhalitsa linayambanso kugwa.

A Alufandika anafotokoza kuti akukayikira matenda otchedwa mayasitheniya. Asilikali a m'thupi amasokonezeka nkumatchinga pamene mtsempha umalumikizana ndi mnofu, choncho mnofu umatopa ukamagwira ntchito, makamaka kukatentha, ndipo kuzizira kumauthandiza kwa kanthawi. Anadzigogoda pafupa la pachifuwa. Kuseri kwake, anati, kuli kachiwalo kotchedwa thayimasi, kumene asilikaliwo amaphunzira kusiyanitsa mdani ndi mwini thupi, ndipo mwa odwala ambiri otere ndi kamene kamalakwitsa. “Ulesi sumva ayezi, amayi,” anatero.

 A Nyamphinga anafunsa motsitsa mawu, “Ndiye pamene ndimam'kakamiza nsima usiku, iye nkumalira, kunali kulephera kumeza?”  Anamasula mwana kumsana kwa Lusiya nkumubereka okha, ndipo ambulansi imene a Alufandika anaitanitsa ku chipatala chachikulu itabwera anayamba kukwera ndi iwowo.

Masiku otsatira a Alufandika anandikhazika pansi ndi kafoni kawo kosweka galasi. Anandiwerengera kuti mu thayimasi ofufuza amapezamo puloteni yothandiza mitsempha kukula, yotchedwa NGF, pamodzi ndi timalo ta pamaselo timene imamatirira, ndipo akufufuzabe ngati zimenezi zili ndi mbali pa matendawa. Ndinati zimenezo nza anthu a m'mizinda ikuluikulu. Anandiyang'ana mokwiya. “Lusiya ali nayo thayimasi yake, si ya mumzinda. Werenga.” Ndinkawaopa bambowa, ndipo ndinkawakonda kwambiri.

Lusiya anamujambula pachifuwa ku Blantyre, anamuchotsa kachiwalo kaja atakapeza katakula, nkumupatsa mankhwala omwa tsiku lililonse. Sanachiriretu, koma banja lake lilipo. Atabwera kudzationa, apongozi ndi amene ananyamula chikwama. Anawagwira dzanja a Alufandika nati, “Takhuta,” kuthokoza kwa Chisena, kenako anatilangiza ife a chipatala kuti tisamusunge nthawi yaitali padzuwa, chifukwa mwana wawoyu sagwirizana ndi kutentha.

Kuyambira pamenepo, wodwala akandiuza kuti akudwala koma ine osaona kanthu, sindifulumira kumutsutsa. Ndimamufunsa nthawi imene kumavuta, ndipo ndimamudikira mpaka nthawi imeneyo.