Msonkho wa Alamu Anga a ku Mozambiki

Alamu anga, amuna a mkulu wanga, anali a ku Mozambiki. Anafika kwathu ku Chiringa nthawi ya nkhondo, ndipo anzawo atayamba kubwerera kwawo iwo anatsala, poti anali atakwatira kale. Anali kalipentala. Chichewa ankachimva, koma poyankhula chinkawakola pakhosi, ndiye pakhomo tinkacheza m'Chilomwe. Ine ndinali mphunzitsi wa ku pulayimale, ndipo pabanja lonse ndinali ndekha wodulidwa msonkho pamalipiro. Msonkho wa mutu uja, umene unkathawitsa amuna m'midzi, unali utathetsedwa.

Kwawo anasiyako chigayo chimene anagula mogwirizana ndi achimwene awo. Anthu akakolola, alamu ankapalasa njinga kukatenga gawo lawo n'kudzasinthitsa kumalire kuti akhale makwacha. Malata a nyumba ya mkulu wanga anachokera m'chigayomo.

Vuto linabwera ndi kalipentala mnzawo wa pamsika, amene ankalimbirana naye ntchito. Tsiku lina anawauza alamu, anthu akumva, kuti boma latsopano likusaka alendo odya ndalama zakunja osakhoma msonkho, ndipo likawapeza limawakweza lole n'kukawatula kumalire. Alamu anangopitiriza ntchito yawo. Koma chaka chimenecho kuchigayo sanapite, ndipo galimoto yachilendo ikaima pamsika ankasiya ntchito n'kulowera kuseri kwa magolosale.

Mkulu wanga, amene anali woyembekezera, anandipeza kusukulu. "Iwe za boma umazidziwa," anatero. "Kalankhule nawo alamu ako. Munthu sakudya."

Zoona zake n'zakuti ine za msonkho ndinkangodziwa kudulidwa basi. Nditawafunsa, alamu anandiuza za bambo awo, amene Apwitikizi anawamanga chingwe m'chiuno chifukwa cholephera msonkho, n'kuwapititsa ku ntchito yokakamiza. Anabwerako ali ndi chifuwa chimene chinawapha.

"Sindikufuna andipeze, alamu," anandiuza. "Ndipite ndekha ndikalipire. Mundiperekeze, mukandiyankhulire."

Tinayamba ku Boma, Phalombe atangokhala boma payekha. Kalaliki wa kumeneko anatimvetsera, kenaka anati iwo amangotolera za pamsika ndi ziphaso za malonda. Msonkho wa pa zimene munthu wapeza, anati, amadziwa ndi a ku Blantyre. Tinabwerera opanda yankho, ndipo nditalandira malipiro tinakwera minibasi ya m'mawa. Msewu unali wafumbi. Alamu anavala jekete la ukwati wawo, ndipo pofika m'tauni linali litafiira.

Mu ofesi ya msonkho tinapeza mayi wina wa magalasi, wooneka wotopa. Ndinafotokoza zonse, ngakhale za lole zija. Sanaseke. Anafunsa kuti chigayocho chili mbali iti ya malire, amachiyendetsa ndani, komanso ngati kumeneko amalipira zimene boma lawo limafuna. Alamu anati achimwene awo amalipira.

"Ndiye auzeni bambowa kuti zimene chigayo chikupanga ku Mozambiki n'za a ku Mozambiki," anatero mayiwo. "Ife timayang'ana zimene munthu wapezera m'dziko muno, kaya ndi mbadwa kaya ndi mlendo. Akamalowetsa katundu wogulitsa, pamenepo a kumalire ali ndi zawo. Nanga pa ukalipentalapo amapeza zingati?"

Nditawauza, anapukusa mutu n'kunena kuti n'zochepa, sizikufika poyambira msonkho.

Ndinamasulira mosangalala, koma alamu nkhope inagwa. Analowetsa dzanja m'jekete n'kutulutsa mpango umene anamangamo ndalama.

"Auzeni alandireko ngakhale pang'ono," anati. "Andipatse lisiti. Munthu wokhoma msonkho samuthamangitsa."

Mayiwo anakana. Anati sangalandire ndalama imene lamulo silikuifuna, ndiponso lisiti la msonkho si chilolezo chokhalira m'dziko. Anafunsa ngati alamu anali ndi mapepala okhalira kuno. Analibe. Chimene anali nacho chinali khadi lakale la othawa nkhondo.

"Chimene mukuopa chili uko, osati kuno," anatero, ndipo anatilongosolera njira ya ku ofesi yoona za olowa ndi otuluka m'dziko. Anatiuzanso kuti tikatenge kalata ya ukwati ku tchalitchi.

Nkhani ya mapepalayo inatenga nthawi yaitali. Tinayenda maulendo angapo, ena ndinkapita nawo ine, ena mkulu wanga atabereka khanda kumbuyo. Kuchigayo anayambiranso kupita mapepala asanatuluke n'komwe. Kalipentala wa pamsika uja sanapepese, ndipo alamu sanamufunse kanthu. Maliro akagwa m'mudzi ankakhomera limodzi bokosi, osayankhulana kwenikweni.

Patapita zaka, bungwe lina lomanga masukulu linawapatsa ntchito yokhoma madesiki ambiri. Inali ntchito yaikulu kuposa zonse zimene anagwirapo, moti analemba anthu awiri owathandiza. Polipira, bungwelo linadula msonkho lisanawapatse ndalama, monga lamulo linkanenera, n'kuwapatsa pepala losonyeza zimene ladula. Anabwera nalo kunyumba kwanga kuti ndiwawerengere. Nditatchula ndalama yodulidwayo anafunsa ngati boma likudziwa mtengo wa matabwa ndi misomali.

"Mlatho wa kwathu kuno madzi anaukokolola kalekale," anatero, m'Chichewa tsopano. "Ndalama zathuzi zimapita kuti?"

Ndinawauza kuti funso limenelo nanenso ndimafunsa mwezi uliwonse. Anapinda pepalalo, n'kupempha madzi akumwa, ndipo anakwera njinga kukalipira anthu awo awiri aja, amene ankawadikira pamsika.