Mbira imene inakulira m'katoni

Chaka chimene amuna anga anafa ziwalo mbali yakumanzere, tinali ndi mbira zambiri m'khitchini, kuseri kwa nkhuni. Ina inaswa ana atatu n'kufa, ndipo awiri anaitsatira. Kotsalako ndinkafuna kukasiya kwa zinzake, mwina ina ikanakayamwitsa, koma abambo akunyumbawo anakana.

"Bwerani nako kuno, mayi. Ine ndikungokhala, ndizikayang'anira."

Ndinakaika m'katoni ya sopo pafupi ndi mphasa yawo. Ankakadyetsa ndi dzanja lamanja, poyamba phala lamadzimadzi pasupuni, kenako kholowa ndi makoko a nthochi. Ankakalankhula ngati munthu. Sindinaletse, chifukwa a kumpingo amene ankabwera kudzazonda anali atayamba kuchepa, ndipo ana athu ku Blantyre ankangoimba foni. Ineyo tsiku linkandithera kuwasambitsa, kukachapa zofunda kumtsinje wa Domasi, kuthirira kudimba, kumweta udzu wa mbira. Pofika madzulo pakamwa pankalemera.

Mvula itatha, kambira kaja kanali katakula, kamphongo konenepa. Katoni inanyowa, m'nyumba munayamba kununkha. Ndinawauza abambo kuti sindingathe kusamala wodwala ndi chiweto m'chipinda chimodzi, ndipo ndinatenga mbirayo kupita nayo kukhitchini.

Nditaitula pansi, inangouma pakona, mano akugundana. Inzake ina inabwera kudzainunkhiza, monga mbira zimachitira, koma iyo inalumpha n'kuiluma pakhosi. Ndinaganiza kuti zizolowerana. Kutacha ndinapeza ina khutu litang'ambika, ina bala pamsana, zonse zitaunjikana pansi pa nkhuni, udzu osaukhudza.

Alamu anga, akazi a achimwene awo a abambo, nawonso amaweta mbira. Anabwera kudzaona.

"Yamphongo ikakulira pagulu, zikuluzikulu zimaithamangitsa ikadali yaing'ono, imadziwa pothawa ndi pogonja," anatero. "Iyi sinaonepo inzake. Ingoiphani, mudyere nsima."

Nditakawauza abambo, anatembenukira kukhoma.

"Ndikadzapita ine mudzaiphe. Panopa ayi."

Ndinayesa kuipatsa yaikazi imodzi yokha. Inaithamangitsa mpaka inzakeyo inagwa chagada, ikupuma movutikira. Ndinapempha waya wa nkhuku wakale kwa aneba, n'kugawa khitchini pawiri kuti zizionana popanda kukhudzana. Patapita milungu inasiya kugundanitsa mano, nthawi zina inkagona motsamira waya, mbali imene zinzake zinali. Ndinachotsa wayayo ndili ndi chiyembekezo. Sipanatenge nthawi, magazi anali pansi. Ndinabwezeretsa wayayo.

Choncho ntchito inawonjezeka. Milu iwiri ya udzu, kusesa mbali ziwiri, komanso masana aliwonse kuinyamula kupita nayo kwa abambo. M'manja mwawo inkafatsa, ikutseka maso akamaisisita. Ine inandilumapo chala, ndipo ndinaiponya pansi mwaukali umene ndinadabwa nawo ndekha.

Abambo anatisiya nyengo yokolola ya chaka chotsatira. Maliro atatha, anthu atabalalika, alamu anandikumbutsa.

"Mwini wake uja anakulolani kale, mlamu. Mukuvutikiranji?"

Ndinanola mpeni, ndinaigwira mbirayo, koma inangokhala phee m'manja mwanga, mwina poyesa kuti ndikupita nayo kuchipinda. Ndinaibwezera. Mphamvu zoweta magulu awiri ndinalibenso, choncho ndinalongedza zina zonse m'dengu n'kuwapatsa alamuwo. Anasuzumira m'dengumo.

"Mukupereka zabwino, n'kutsala ndi yolumayo?"

"Zabwinozo zikhala paliponse," ndinayankha. "Iyi angailandire ndani?"

Ndinachotsa waya, khitchini yonse inakhala yake, koma sinkapita mbali inayo. Inakhala miyezi ingapo, ikudya pang'onopang'ono. Mmawa wina wozizira, nkhungu itatsika kuchokera kuphiri, ndinaipeza itauma pakona pake. Ndinaikwirira kuseri kwa nthochi, n'kutenga khasu kupita kudimba, chifukwa mpiru unali utayamba kufota.